Mbuzi ya pa Sadaka ya Bambo

Achimwene anga aakulu anabaya munthu ndi mpeni pamsika wa ku Balaka, ataledzera kachasu. Wobayidwayo anali mnzawo amene anavinidwa naye jando limodzi, wa m'mudzi mwathu momwemo kufupi ndi Nselema. Sanafe, koma anatsala ndi chipsera chachikulu paphewa. Zinali zaka zija boma lathu tinkalitchabe Kasupe.

Kundende kumene anawatsekera achimwene kunkabwera shehe wina wokalamba pa Lachisanu. Iyeyo ndiye anawaphunzitsa kuswali achimwenewo, munthu amene kwathu kuno mzikiti ankangoulambalala. Mwezi wa Ramadhani akuti ankasunga mgaiwa wawo m'mbale mpaka dzuwa litalowa, akaidi anzawo akuwaseka. Ine sindinakhulupirire. Ndinati, aaa, njala yakundende ingapembedzetse aliyense!

Atatuluka sanalawenso mowa. Koma anthu, abale inu! Akalowa mumzikiti, mzere wawo unkakhala ndi mpata mbali zonse. Azimayi ankaitana ana awo akawaona panjira. Zinkandiwawa, ndipo ndinatukanizana ndi ambiri pachitsime. Achimwene anayamba kunena zosamukira ku Mozambique, osadzabweranso.

Kenako bambo anamwalira, tinakonza sadaka. Kwathu mbuzi sachinja munthu wamba, amachinja munthu woswali, apo ayi nyamayo palibe angaidye. Shehe wa m'mudzi mwathu ananola mpeni, nkuupereka kwa achimwene pamaso pa khamu lonse.

Pochinja pamafunika wina wogwira miyendo, ndiye amuna onse anangoyang'ana pansi ngati ataya singano. Mbuzi ikuphupha, achimwene ali chiimire ndi mpeni m'manja. Ndinadziwa kuti akaubweza mpeniwo, mawa lake anyamuka ulendo wa ku Mozambique uja.

Ndinadzambatuka pakati pa azimayi. "Amuna onsewa mukuopa mbuzi? Ndibwere ndigwire ine?"

"Iyayi, khalani pansi achemwali," anatero munthu wina kumbuyo.

Anali wachipsera uja. Anavula malaya kuti asathimbirire magazi, chipsera chonse chili poyera. Anagwetsa mbuzi, nkuilozetsa ku chibula, kumene timayang'ana poswali. Anagwada nkuigwira miyendo, khosi la iye mwini lili pafupi ndi mpeniwo.

"Tchulani dzina la Mulungu, achimwene," anatero. "Anthu ali ndi njala."

Nyama ija inatha yonse, mpaka msuzi. Achimwene anakalamba m'mudzi momwemo, ndipo manda awo ali pafupi ndi a bambo.