Koko wa Azungu Pawindo Lathu

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Juni. Ndinkachapa yunifolomu yanga pakhomo pamene amayi anafika atakumbatira kamphika ka pulasitiki. Amagwira ntchito ya m'nyumba ku Boksburg, kuno ku Joni, ndipo amadamu awo anali atataya chomeracho chifukwa chinasiya kuchita maluwa. Pamphikapo panalembedwa kuti anthuriyamu, koma amayi sanavutike nalo dzinalo.

"Uyu ndi koko," anatero. "Taona masamba akewo. Koko wa azungu. Kwathu ku Mulanje amamera m'dambo. Uzimuthirira, mwanawe, asamve ludzu."

Ndinamvera. M'mawa madzi, pochokera kusukulu madzi. Posakhalitsa masamba anayamba kuchita chikasu, limodzi n'kuthothoka.

Chipinda chathu ku Etwatwa n'chimodzi, windo nalonso n'limodzi, ndipo pawindopo panali pamalo pa wailesi ya abambo.

"Mayi a mwana, koko wanu uja akumira," anatero abambo. "Mwezi ukatha asanadzuke, wailesi yanga ibwerere pamalo pake."

"Wailesi yanu yongokhosomolayo?"

"Imakhosomola, koma ili moyo."

Ine sinditha kuyankha akulu. Ndinangowerama, misozi ili lengelenge. Abambo, amene amasamala kapinga ndi maluwa m'mayadi a anthu, anandiyang'ana n'kuti, "Bweretsa nyuzi, tikhuthule tione."

Dothi linali matope onunkha. Mizu inali yonenepa ngati zingwe, ina yoyera, ina yofewa yowola.

"Nanga mbatata yake ili kuti? Amayi ako atinamiza, uyu si koko."

"Ndinati m'bale wake!" anakuwa amayi ali kuseri kwa katani, ngakhale sanatero.

Tinadula mizu yowolayo ndi sizasi. Abambo anasakaniza dothi pang'ono ndi makungwa ndi timakala ta pambaula, kuti madzi azingodutsa. Anandipatsa lamulo limodzi: ndizipisa chala kaye, chikatuluka chouma ndiye ndithirire.

Chala changa chinkayabwa kufuna kuthirira, koma ndinapirira. Vuto lina linali chisanu cha Joni, chouma, chong'amba milomo. Nsonga za masamba zinayamba kupsa. Tsiku lina ndikusamba kuseri kwa katani, ndinaona nthunzi ikukwera m'beseni, n'kuganiza kuti mwina n'zimene koko uja akusowa. Kuyambira pamenepo ndinkamuika pampando pafupi ndi beseni m'mawa uliwonse. Ndikatha ndinkapukuta masamba ndi kansalu, limodzilimodzi, pansi ndi pamwamba.

"Mwasamba, alendo?" amayi ankafunsa chomeracho. "Tiyi wa mkaka kapena wamadzi?"

Dzuwa likalowa galasi linkazizira kwambiri, choncho ndinkamuchotsa pawindo n'kumuika patebulo, kutali ndi mbaula. Wailesi inkabwerera pamalo pake mpaka m'mawa. Ankasinthana ngati alonda.

Mwezi unatha. Ndinadikira mawu a abambo, koma za wailesi sanazitchulenso. Tsamba latsopano linatuluka litapindidwa, lofewa ngati khutu la khanda. Kenaka, m'masiku a mphepo ya fumbi ya Ogasiti, panasuzumira kanthu kofiira. Kanatenga nthawi yake kufunyuluka. Katatseguka kanali konyezimira ngati kapakidwa polishi, pakati pali kachala kachikasu.

Mayi wa chipinda choyandikana nafe, Mzulu wansangala, anabwera kudzabwereka mchere. Anakanda duwalo ndi chikhadabo, n'kulumbira kuti n'lapulasitiki. Amayi anaseka mpaka anakhala pansi.

"Funsani mwini wakeyo, sisi. Ine ndinangotsala pang'ono kumupha."

Ndinabisa nkhope m'juzi, koma ndinkamwetulira.

Madzulo ake abambo anabwera ndi msomali. Anaukhoma pakhoma, n'kupachikapo wailesi. "Pano ikugwira bwino," anatero, pomwe inkakhosomola kuposa kale.

Ndinalemba zikomo m'buku langa lolembamo zakukhosi, koma abambo sawerenga bukulo. Choncho ndinatsimikiza kuti mawa lake ndidzuka asanapite kukakwera tekisi, ndipukute fumbi pawailesi yawo, ndi kuwauza zikomoyo pakamwa.