Chingwe Chimene a Khutu Sanakhome

Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, aliyense ankangoti a Khutu. Ntchito yawo inali yochuna mapiyano m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'nyumba za anthu opata. Akagunda kiyi imodzi n'kupendeketsa mutu, basi adziwa kale nsambo imene yakhwepa.

Koma chimene anthu ankatopa nacho chinali ulaliki wawo wa chingwe. M'piyano iliyonse ankaikamo kachipangizo kamagetsi koyang'anira chinyezi: kukanyowa kamaumitsa, kukauma kamatulutsa nthunzi, kuti matabwa asafufume kapena kung'aluka. Akamaliza ankagwada, mawondo akulira, n'kukhomerera chingwe cha kachipangizoko ndi timbedza kumbuyo kwa piyano, kutali ndi timateyala take, mopu ndi mano a makoswe.

"Piyano siifa ndi woimba wosadziwa," ankatero. "Imafera pansi apa."

Kunyumba kwawo nako kunali piyano, yakale, ya akazi awo omwe ankaphunzitsa ana kuimba. Kachipangizo anaikamo ndithu, koma chingwe chinkangokwawa pasimenti.

"Abambo, za eni mumakhomera bwinobwino," ankadandaula mayiwo. "Yangayi inakulakwirani chiyani?"

"Mawa, mayi, mawa. Timbedza tili m'chikwamamu."

Abale inu, paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mawa lisanafike mayi aja anadwala, osadzukanso. Tsiku la maliro achibale anakankhira piyano pakona kuti anthu apeze pokhala, ndipo palibe anayang'ana pansi. Ndani amayang'ana pansi tsiku ngati limenelo?

A Khutu anafunditsa piyanoyo nsalu. Kuitsegula sankatha chifukwa cha chisoni. Akamadutsa ankangoona pulagi ili m'soketi, n'kudziuza kuti zonse zili bwino. Kagetsi ka kachipangizo kaja, kamene kamaphethira madzi a nthunzi akachepa, sikanaphethirepo. Mtima unkawanong'oneza kuti zinthu sizili bwino, koma iwo ankafulumira kutuluka, kupita kukagwadira mapiyano a eni. Mvula inabwera n'kupita, kutentha kunabwera n'kupita, kenako mvulanso.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi anabwera kudzawazonda. Anasisita nsalu ija, nati, "Ababa, ndichunireni piyano ya amayi. Mawu awo ndayamba kuwaiwala. Mwina ndikaimva iyi akhoza kubwerera."

Anaikankha awiriwo. Kateyala kakumbuyo katangosuntha, a Khutu anati, "Mayo ine!" Chingwe chinali chitaphwatalala, chodukira pomwe teyala linaponda tsiku la maliro, timawaya tamkati titachita kubiriwira. Nthawi yonseyi kachipangizo kanali kakufa.

Anatsegula piyano. Nsambo zinali dzimbiri lokhalokha. Thabwa lalikulu lotulutsa mawu linali litang'aluka mwakuti chikhadabo chinkalowa. Anadina kiyi imene akazi awo ankakonda kuyambira nyimbo. Inatsika, osabwereranso.

"Ikonzeka, eti ababa?"

A Khutu anali asananamizepo munthu pa nkhani ya piyano, ndipo sakanayambira pa mwana wawo.

"Thabwa tikhoza kusintha, nsambo zimagulidwa. Kulira ilira. Koma mawu adzakhala ena, mwananga. Aja a mayi ako apita."

Mwanayo sanawakalipire, ndipo n'zimene zinawapweteka koposa. Anangokhala pakampando ka amayi ake, n'kuika manja pamiyendo.

A Khutu anapisa m'chikwama kufuna kansalu kopukutira maso. Chimene dzanja linakhudza ndi timbedza tija, tidakali m'kapepala kake.