A Zikhalo ndi Ndalama za Malemu

A Zikhalo anabadwira ku Mayani, koma moyo wawo wachikulire anauthera ku Lobi, kuchikamwini. Ali mnyamata ankacheka matabwa a paini ku Phiri la Dedza, mpaka tsiku lina chipika chinawaphwanya bondo. Kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina, ndipo munda wa nyemba ankalima kwenikweni ndi akazi awo, a Magadalena. Anali munthu wosakonda zolankhula. Pamaliro ankakhala kumapeto, pamsonkhano ankavomera ndi mutu.

Boma litayamba kupereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa, a komiti ya m'mudzi sanachedwe nawo. Anaona bondo, anaona denga lodontha, anawerenga anthu: bambo, mayi ndi ana atatu. Dzina linalembedwa la a Zikhalo, ndipo ndalamazo zinkalowa m'kafoni kawo kosweka galasi. Kuchuluka kwake kunkatengera anthu a m'nyumbamo.

A Magadalena anamwalira nyengo yachisanu. Patapita miyezi, abale a malemu anawasudzula a Zikhalo: anawathokoza, nawauza kuti ali omasuka kubwerera kwawo. Ana ndi a kuchikazi, choncho anatsala ndi a Kristina, mng'ono wa malemu. A Zikhalo ananyamula bulangeti, sowo yakale ndi foni, nakwera kabaza wa ku Mayani.

Palibe amene anaganiza zokauza a boma za imfayo ndi kusamukako. A Zikhalo okha ndiwo anaganizapo, koma anakhala chete.

Uthenga ukalowa m'foni, ankakatapa ndalamazo pamsika, kuzimanga pakansalu, n'kuyamba ulendo wa ku Lobi. Sankachotsapo ngakhale ya thiransipoti. Mwamuna wosudzulidwa safika pamudzi wa apongozi popanda chifukwa, anthu amafunsana kuti akufunanso chiyani. Koma wobwera ndi ndalama za ana amamuyalira mphasa. Ana ankabwera kudzapereka moni, ndipo wamng'ono, Fiona, ankakhala pabondo labwinolo mpaka dzuwa kupendeka.

"Alamu, mwaondatu," ankatero a Kristina. "Ku Mayani kulibe akazi?"

"Alipo, koma amafuna wa miyendo iwiri."

"Bodza! Amathawa kuuma pakamwa kwanuko."

Zinayenda choncho mpaka mvula inagwa n'kusiya. Kenaka kunabwera mayi wina wa ku ofesi ya boma, dzina lake Elena, kudzaona ngati olandira akadali oyenera. Anthu anasonkhana pabwalo la tchalitchi, banja lililonse ndi anthu ake. A Zikhalo anaimirira pamodzi ndi ana ndi a Kristina.

"Mayi a m'nyumba ndi awa?" anafunsa a Elena.

"Ayi, awa ndi alamu. Mayi anatisiya chaka chatha."

"Pepani. Nanga inu mumagona kuti?"

A Zikhalo anayang'ana pansi. Wina kumbuyo anawayankhira: "Anasudzulidwa amenewo, ali kwawo."

A Elena sanakalipe. Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati munthu amene wanena mawu omwewo m'midzi yambiri. Banjali lakhala likulandira za anthu asanu pamene odyera m'nyumbamo ndi ana atatu. Zopitirirazo boma lizidula pang'onopang'ono pa zimene zikubwera, mpaka zitakwana. Ana akadali oyenera, koma dzina lisintha, likhala la amene akuwasunga. A Zikhalo, ngati akufuna, adzayese mwayi ku Mayani kalembera wina akadzafika.

"Sindinadyepo ine," anatero a Zikhalo.

"Sindikukana, bambo."

"Ndiye sizingamadzerebe kwa ine, ine n'kumaperekeza?"

"Palibe choperekeza. Zizilowa m'foni ya mayiwa."

A Zikhalo anadinda chala pamene anawalozera. Pobwerera, a Kristina sanaseke nawo.

"Mwatidyetsa ngongole, alamu. Munkadziwa inu. Tsopano azidula pakamwa pa ana anu omwe."

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munkabisiranji?"

A Kristina anakoka Fiona padzanja n'kulowera njira ya kunyumba.

Mwezi wolandira utafika, foni ya a Zikhalo sinalire. Anakhala ku Mayani, akusema mipini n'kumagulitsa pamsika. Mwezi wotsatira anavala jekete lawo la kutchalitchi kuti apite ku Lobi, kenaka analivula. Loweruka lina anangodzuka n'kuyamba kuyenda, m'thumba muli foni yokha.

Anafika ku Lobi dzuwa lili pamutu. Amayi awiri pamjigo anasiya kupopa. A Zikhalo anaima kunja kwa mpanda, osaodira, osabwerera. A Kristina anali kupeta nyemba pakhonde, ndipo anapeta kaye mpaka kumaliza.

"Mwatenga chiyani, alamu?"

"Palibe."

"Chimanjamanja?"

"Chimanjamanja."

A Kristina anaika lichero pansi. Sanatulutse mphasa. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi keni yothirira, naiponya pafupi ndi mapazi awo.

"Alendo amakhala pamphasa. Inu ana anu ali kudimba, kabichi akuuma. Mutsike bwino ndi mwendo wanuwo, ine sindinyamula munthu."

A Zikhalo anatola keniyo. Njira ya kudimba ankaidziwa.