Nthutumba ya Mlonda

Lamlungu lapitali nthutumba ya nkhuku yanga inadyedwa ndi munthu wina, ine ndikuona. Inde, m'nyumba mwanga momwe, kuno ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue.

Munthuyo ndi Ganizani, msuweni wanga, amene amulemba ulonda ku fakitale yatsopano ya nsalu. Anafika tikuchokera kutchalitchi atavala jasi yofika m'maondo, kutentha kwa Okutobala konseku, wezulo ili pakhosi. Amake Tiyese, mkazi wanga, anamupatsa mpando wanga. Nshima itabwera, nthutumba ija, imene kwathu ndi ya mwini nyumba, inatera m'mbale ya mlendo. Akuti ba Ganizani amachezera usiku wonse, ndi otopa.

Ndisabise, ndinachita nsanje.

Kodi mawu akuti mlonda anabwera ndi fakitale? Iyayi. Tinabwera nawo tokha kuchokera kummawa. Kulonda, monga anandiphunzitsa akulu, ndi kutsata mapazi a chilombo mpaka udziwe pamene chimalowera m'munda. Ukadziwa, umamanga nsanja pomwepo, numagonera kumeneko ndi chitini chogogoda, udzudzu ukukumwa. Ameneyo ndiye mlonda.

Ntchitoyo ine ndinaigwira ndili mkamwini, m'munda wa apongozi anga. Nguluwe sizinalawe chimanga chaka chimenecho. Ganizani ameneyu ankaopa ngakhale kutuluka kukataya madzi kukada.

Koma taonani Kafue wa lero. Chipezereni ufulu, machumuni akumera paliponse, ndipo ulemu tsopano timausoka kwa telala. Munthu akavala chipewa cha kampani, azimayi pampopi amamupatsa moni kawiri. Ife okonza njanji tingodutsa ngati mbuzi za eni. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ankatero makolo, koma masiku ano aliyense akununkhiza wa kampani.

Mlendo atapita ndinawafotokozera amake Tiyese zonsezi, kuyambira mapazi a nguluwe mpaka chitini. Ndinawakumbutsanso kuti munda umene ndinkalondawo unali wa bambo awo. Anamvetsera akutsuka mbale, osatembenuka.

"Inu munkalonda kuti mundikwatire," anatero. "Munandipeza. Ganizani akulonda nsalu za eni, ndipo m'mawa amakafikira m'nyumba yopanda womutsegulira. Ndiye mukufunanso nthutumba?"

Zinali zoona.

Koma inu owerenga, nenani mosakondera. Kodi kukhala ndi mkazi kumaletsa munthu kufuna nthutumba? Ine ndikuifunabe, ndipo Lamlungu likubwerali nkhuku ndidzatumbula ndekha.