Tsiku limene a Haswell anati "mumangeni"

Alamu anga a Haswell ndi mlimi wa fodya ku Mwase, koma mukafunsa anthu pa msika wa Lundazi, palibe amene angakuuzeni za fodya wawo. Chimene amadziwika nacho ndi foni. Ine ndine wa ku Kasungu, ndinakwatiwa ndi mng'ono wawo, ndipo zaka zonsezi sindinaonepo munthu wokonda kuimbira ku wailesi ngati iwowa. Pulogalamu ikangoyamba, amakwera pachulu kuseri kwa chigafa pomwe foni imagwira bwino, chipewa chili m'manja ngati akulankhula ndi apongozi.

Chaka chatha wailesi yathu inatenga nkhani imene andale akhala akukangana: kodi munthu amene wazolowera chamba ndi mankhwala ozunguza bongo apite kundende kapena kuchipatala? Ena amati ndi wodwala, ena amati ndi chigawenga. A Haswell analibe nthawi yoganizira. Lachitatu lililonse yankho linali limodzi.

"Monire mose. Ndine Haswell wa ku Mwase. Amangidwe basi! Chipatala n'cha malungo."

Ndinkawaseka. "Alamu, mphindi zonsezi mwagula kuti mukanene mawu ochepa chonchi?" Iwo amati ine ndi mayi wa tomato, zamalamulo ndizisiye.

Chimene sankanena pachulu paja n'chakuti mwana wawo woyamba, Darius, bambo wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, anali atalowerera kale. Anayamba ndi chamba, kenaka timabotolo ta mankhwala a chifuwa tomwe amamwa osatsokomola n'komwe. Mkazi wake anabwerera kwawo. Mudzi wonse unkadziwa, ife tinkadziwa, a Haswell ankangoti mnyamatayu watopa ndi kumunda.

Tsiku lina m'mawa Darius anavula malaya n'kuyamba kugwetsa mitengo ya chigafa ndi nkhwangwa, akukalipira anthu amene ife sitimawaona. Ndinali pomwepo, ndipo ndikuuzeni, ndinaopa. A Haswell anaima phee, kenaka anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Mlamu, uyu ngodwala. Tipite naye kuchipatala." Ha! Ndinafuna kuwafunsa ngati anali malungo, koma nkhope yawo inandiletsa.

Vuto linali loti Darius sakanakhala pangolo mwakufuna kwake, akanadumpha panjira. Pamafunika chingwe ndi amuna amphamvu. Ndiye a Haswell anaimbira a Mapopa, mkulu wa gulu lachitetezo cha m'mudzi, n'kunena mwachangu: "Bwerani mumumange Darius, ine ndikukabwereka ngolo." Anadula foni n'kuthamanga.

Tsono a Mapopa ndi munthu womvera wailesi mokhulupirika. Miyezi yonseyi amamva mawu a Haswell akuti amangidwe. Mukuganiza akanamva chingwe? Anabwera ndi anyamata awo awiri pa njinga yamoto, anamugwira Darius, anapeza kampukutu ka chamba m'thumba la buluku, ulendo wa kupolisi. Ine ndinakuwa kuti, "Si kumanga kumeneko!" A Mapopa anandiyankha monyadira kuti, "Amama, a Haswell ndi munthu wa mawu amodzi. Lero aonetsa chitsanzo."

Patapita kanthawi a Haswell anatulukira ndi ngolo. Anali atayalamo matiresi awo omwe, ndi bulangete, ndi chingwe cha ng'ombe chopindidwa bwinobwino. Nditawauza, anakhala pansi pafumbi. Sindinawasekenso tsiku limenelo.

Kupolisi anapita ndi jekete lakutchalitchi. Atangopereka moni, wapolisi wa pakauntala anadzutsa mutu.

"Mawuwa ndikuwadziwa. Si inu a Lachitatu aja?"

"Ndine, bwana. Koma ine ndimati amumange ndi chingwe."

"Ife kuno timamanga kwa mtundu umodzi, adada. Nkhani yalembedwa kale, mukaifotokozere kukhoti."

Masiku asanu Darius anali m'chitokosi. Ine ndinkapititsa chakudya, iye osadya, akungonjenjemera ndi kutuluka thukuta. A Haswell anayenda ofesi ndi ofesi pa boma, kufunsa zimene pawailesi ankati n'zopanda pake: kodi munthu wotere amathandizidwa kuti, amagonekedwa masiku angati, amachira? Wina anawauza za madokotala a ku Chipata. Analemba dzina la chipatala chawo kuseri kwa pepala la mbewu.

Tsiku la mlandu, woweruza, mayi wamagalasi wosakonda zocheza, anafunsa ngati pali kholo. A Haswell anaimirira. Munthu amene amadzaza wailesi yonse uja mawu anamuthera, mpaka woweruza anati akweze.

"Amayi, ndine ndinalakwitsa kulankhula. Mwanayu ngodwala. Mukamutsekera, adzatuluka ali chimodzimodzi, mwinanso kuposa apa. Ndipatseni ndipite naye ndekha."

Woweruza anati poti n'koyamba, Darius sapita kundende, koma apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akangothawa chithandizo, abwerera m'manja mwa apolisi.

Tinawaperekeza pokwerera maminibasi a ku Chipata. Darius anali ataonda, maso ali pansi. Kondakitala akuitanira anthu, iye anatembenukira bambo ake.

"Adada, a Mapopa akuti ndinu munawatuma."

"Ndine, mwana wanga."

Darius anatambasula manja onse awiri, atawaphatikiza pamodzi.

"Ndiye mundimange inuyo. Ndikudzidziwa, tikaima panjira ndithawa."

A Haswell anafufuza m'matumba a jekete, munalibe kanthu. Anangomugwira pamkono n'kukwera naye, ndipo minibasi ikunyamuka ndinawaona pawindo asanamusiye.