Doili pa Kompyuta

Kompyuta imene ndinkagwirira ntchito zaka zimenezo inkakhala pabalaza, pakati pa kabati ya mbale ndi zenera, m'nyumba yathu ku Unit N, lokeshoni ya kuno kwa olankhula Chishona. Tinkakhala awiri, ine ndi amayi. Ntchito yanga inali yojambula mavidiyo a maukwati ndi a miyambo yovundukula ziliza, kenako n'kuwakonza kuti eni ake akaonetse abale. Makinawo anali okalamba, oyenda ngati akudwala nyamakazi, koma anali asanandichititsepo manyazi.

Pa disiki yake panali vidiyo imodzi yosakhala ya kasitomala. Ndinawajambula bambo atakhala pakhonde, chaka chimene anamwalira. Amaimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu awo osasa aja, n'kulekeza pakati, n'kuyamba kuwaseka amayi kuti anawakwatira asakudziwa n'kukwera basi komwe. Amayi saoneka, amangomveka akuwabwezera ali kukhitchini. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi, amayi ankakoka mpando n'kunena kuti, "Tandiyatsira bambo ako." Vidiyoyo inalibe kwina kumene inasungidwa.

Makasitomala atayamba kufuna zithunzi zowala kwambiri, makina aja anayamba kulephera. Ndinagula khadi latsopano la zithunzi, chikhadi cha mafani awiri, ndi disiki yachiwiri. Ndinaziika ndekha. M'bokosimo munathina. Disiki yatsopano inagona pamwamba penipeni pa yakale, khadi nalo linadzaza malo amene kale munkadutsa mpweya. Ndinatseka, n'kuyatsa, zonse zinayenda bwino. Unali mwezi wa Okutobala, denga la asibesitasi likuwotcha mutu.

Vidiyo ya ukwati ukamaliza kuidula, kompyuta imafunika nthawi yaitali kuti iilumikize. Ife timati kuphika. Ndinkaisiya ikuphika, ine n'kupita kukajambula kwina. Pobwera ndinkaipeza itazima, kapena itayambiranso yokha, ntchito yonse itapita. Chodabwitsa chinali chakuti ndikakhala pompo kuiyang'anira, inkaphika mpaka kumaliza, yofatsa ngati mwana pamaso pa alendo.

Ndinayamba ndi kunamizira magetsi, pajatu kwathu kuno chilichonse chikaonongeka woyamba kutukwanidwa ndi magetsi. Koma wotchi ya pachitofu sinkasonyeza kuti anathimapo. Ndinazula ramu, mbali yokumbukira ya makinawo, n'kuipukuta, n'kuibwezera. Ndinasintha mawaya a madisiki. Ndinafufuta mapulogalamu a khadi lija n'kuwaikanso. Palibe chinasintha.

Kenako ndinainyamula pamiyendo m'kombi, minibasi ya kuno, mpaka ku Zengeza 2, kwa mnzanga wina wokonza makompyuta. Makolo ake anachokera dziko limodzi ndi anga, Chichewa amamva, koma amayankha m'Chishona. Anatsegula chitseko cha bokosi, n'kuipatsa ntchito yolemetsa tsiku lonse. Sinatsokomole n'komwe.

"Muchina wako hauna problem, mukoma," anatero. "Asi disk yakale iyi yakambopiswa."

Ankatanthauza kuti makina ndi abwinobwino, koma disiki yakale inapsapo. Anandionetsa pa sikirini: disiki imasunga yokha mbiri ya kutentha kwake, ndipo yangayo inali itafikapo pamene disiki siyenera kufika. Tinaphatikiza fani ina kutsogolo, ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti nkhani yatha. M'mawa mwake ndinaisiya ikuphika, madzulo ndinaipeza itazima.

Lamulungu lotsatira amayi anakoka mpando monga mwa masiku onse. Bambo anayamba kuimba. Atafika pamene amalekeza nyimbo kuti ayambe nthabwala yawo, chithunzi chinaima, pakamwa pali yasa. M'bokosi munkamveka kakuti the, the, the. Amayi anadikira, manja ali pamiyendo. Ndinayesa kusamutsira vidiyoyo ku disiki yatsopano, koma inkafika pomwepo n'kukanirira. Apa ndinachita mantha, sindibisa. Ndinawauza amayi kuti makina atopa, tidzaonera sabata ya mawa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira chilichonse. Koma ukwati wa eni ake sudikira, ntchito inkayenerabe kuphikidwa. Tsiku lina ndinaisiya ikugwira ntchito, n'kupita ku Huruyadzo kukakumana ndi kasitomala. Ndili pokwerera makombi, anaimba foni kuti sabwera. Ndinatembenuka. Geti ndinalipeza lotsegula, amayi ali kuseri akuchapa, motero tcheni chake sichinalire.

Pabalaza, kompyuta sinkaoneka. Inali itafunditsidwa chitenje chopinda pawiri, kuzungulira mbali zonse, chopisidwa bwinobwino kunsi monga amachitira pofunditsa khanda. Pamwamba pa chitenjecho panali doili lalikulu loyera, nsalu yoluka pamanja, ndipo pamwamba pa doililo panali botolo la maluwa apulasitiki. M'katimo mafani ankalira ngati kombi pachitunda. Nditavundukula n'kukhudza chitsulo, ndinabweza dzanja msanga.

Amayi anga analera ana ndi madoili. Analuka zaka zambiri, n'kumakagulitsa ku Joni pamodzi ndi amayi anzawo a mumsewu mwathu. M'nyumba mwathu chinthu chaulemu sichikhala pamtunda. Wailesi inali ndi doili lake, TV lake, firiji lake, ngakhale mbale ya shuga. Kompyuta yokha ndi imene ndinawaletsa kalekale, ndipo ndinkayesa kuti anamva.

Analowa akupukuta manja, n'kuima pakhomo.

"Wabwera msanga," anatero.

"Amayi, mwayamba liti zimenezi?"

"Chiikireni bambo ako m'menemo." Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. "Ukatuluka ndimafunditsa, ndikamva geti ndimachotsa, poti iwe umalongolola. Fumbi la muno ukulidziwa. Ndiwasiye pambalambanda ngati alibe mwini?"

"Koma imakhala ikugwira ntchito."

"Ntchito yanji, sikirini ili bii? Handiti inenge yakarara?"

Kwa iwo sikirini ikada ndiye kuti makina agona. Anachita zimenezi zaka zonsezo, ndipo makina akale aja, ozizira ndi aulesi, ankapirira. Khadi latsopano ndi disiki yachiwiri ndi zimene zinabweretsa moto, chitenje n'kuutsekera m'kati. Ndinangoti makina atsopanowa amafuna mphepo, asamafunditsidwe. Sindinawauze kuti kakuti the, the kaja kanachokera kuti.

Madzulo ake ndinazula disiki yakale m'bokosi, n'kuigoneka pa tebulo, fani ya pabalaza ikuipemerera. Mnzanga uja anandipatsa pulogalamu imene imakopera pang'onopang'ono, ikafika poonongeka n'kudumpha m'malo mokanirira. Inatenga nthawi yaitali. Disiki ikafunda ndinkaipumitsa, ikazizira n'kupitiriza. Mavidiyo a makasitomala sindinawalabadire, ndinayamba ndi ya bambo. Itangomaliza, disikiyo inalira kotsiriza, ndipo sinadzukenso.

Nyimbo yonse inapulumuka. Mapeto, pamene bambo amatsazika kamera, analiponso. Pakati ndi pamene panadyeka: bambo amalekeza nyimbo, chithunzi n'kudumpha, kenako amaoneka akupukuta misozi ya kuseka. Nthabwala ya basi ija, ndi mawu a amayi ochokera kukhitchini, palibe.

Ndinaikopera pa disiki yatsopano, pa fulashi ndi m'foni ya amayi. Lamulungu anakoka mpando. Pofika podumpha paja, anayang'ana sikirini, kenako ine. Ndinayembekeza funso. M'malo mwake ananena okha mawu a bambo aja, osasiyako ndi limodzi lomwe, n'kudziyankhanso monga anayankhira tsiku lija kukhitchini. Pa sikirini bambo anali akupukuta misozi.

Itatha anatembenukira kwa ine.

"Chinadya pakatipo n'chiyani?"

"Kutentha, amayi. Okutobala wa chaka chino."

Anayang'ana chitenje chija, chimene chinali chopindidwa pamkono wa sofa. Kenako analoza disiki yakufa ija pa tebulo.

"Mawu otsalawo akadali m'kachitsuloka?"

"Alimo, koma sangatulukenso."

Anaitola, n'kuipukuta ndi nsonga ya chitenje chimene anavala. Anatenga doili loyera lija n'kuliyala pamiyendo.

"Nanga pano ndikafunditsa, apsanso?"

"Ayi, amayi," ndinatero. "Pano funditsani mmene mungafunire."