Mtanda wa pa Mbaula

Lero ku msika wa Chisokone ndadutsa pomwe mayi wina amawotcha chimanga, ndipo utsi wa mbaula yake wandibwezera kwathu ku Twapia ndili mwana, Lachitatu lina la Phulusa.

Amayi ankadwala mwendo, ndiye anandituma ndekha ku Misa. Ine ndinakathera ku mpira. Maphunziro anga onse a zaumulungu panthawiyo anali akuti Mulungu amasuzumira pansi n'kuwerenga zipumi zakuda, basi. Choncho pobwerera ndinapempha phulusa kwa mayi wina wogulitsa chimanga chowotcha, n'kudzilemba mtanda woti ngakhale bishopu akanasirira.

Kunyumba amayi anandikokera pafupi, nanunkhiza pachipumi panga.

"Iwe Yohane, kodi abambo mfumu ayamba kuwotcha chimanga?"

Ndinangoyang'ana zala zanga za kumapazi. Sanandimenye. Anangoti chapansipansi, "Ndimafuna ubwere nalo, nanenso nditapeko pang'ono pachipumi pakopo. Chaka chino sindikafika kutchalitchi."

Kenaka anatapadi ndi chala, n'kudzilemba.

Nditakula, ku koleji ndinathawako popanda manyazi aliwonse. Koma Misa ya Phulusa sindiphonya, ndipo pamzere ndimaweramitsa mutu kuposa mmene mwambo umafunira.